Chibangili cha Agogo a Tisauke

M'nyumba ya aphunzitsi a Levison Mbewe, kufupi ndi Mkaika, munali zinthu ziwiri zimene mwana sankazigwira: Baibulo, ndi chitini cha tiyi chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. M'chitinimo munalibe tiyi. Munali chibangili chachitsulo, chakuda bii, cholemera, chokulungidwa m'kansalu koyera. Chinali cha agogo awo a Tisauke, amayi a amayi awo, ndipo a Levison ankati chinali chizindikiro cha ufumu. Mlendo akangokhala pansi, ngakhale madzi asanamwe, chitini chinkatsika.

"Tanyamulani mumve kulemera kwake," ankatero. "Munthu wamba akanavala chotere? Ife ndife a kuufumu, kungoti mbiri yathu inasochera."

Akazi awo, a Anna, anali atamva mawu amenewa kwa zaka makumi awiri, moti chitini chikamatsika iwo ankakumbukira kuti pamoto pali nyemba.

Chaka cha 1958, anthu atakumba mtedza, Filimoni anatuma atsibweni ake, a Goodson, kudzafunsira Ottilia, mwana wa a Judith, mlongo wawo wa a Levison. Filimoni anali mnyamata wofatsa, wa mpingo womwewo, wokonza njinga ku Sinda. Ottilia ankamufuna ndi mtima wonse, ndipo amayi ake analibe chokana. Koma mwini mbumba anali a Levison, ndipo popanda mawu awo ukwati sukanatheka.

"Mnyamatayo ndilibe naye chifukwa," anatero a Levison, a Goodson atapita. "Koma ndani sadziwa kuti agogo a amayi ake, a Mwatitha, anabwera m'dziko lino ali akapolo? Mwana wa kuufumu ndimupereke kwa anthu a pachingwe?"

"Achimwene," anatero a Judith mofatsa, "ufumu wathuwo uli kuti? Ine chibadwire ndimangoona chitini."

Mawuwo anawalasa. Pomwepo analumbira kuti sukulu ikatsekera adzayenda mudzi ndi mudzi mpaka ku Vubwi, kumene anakulira a Tisauke, n'kulemba mbiri yonse m'kope. Akadzabwera adzaiwerenga pamaso pa a Goodson, ndipo iwo eni adzaona kuti agogoda pakhomo polakwika. Ottilia anamva zonsezi ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Vuto linali njinga. Tcheni chake chinkagwa pachitunda chilichonse, ndipo wokonza wodalirika dera lonselo anali mmodzi yekha. A Levison anaikankha mpaka ku Sinda nkhope ili gwa. Filimoni ankadziwa bwino lomwe ulendo umene njingayo inkakonzekera, komabe anamanga tcheni, anawongola masipoko, anathira mafuta, n'kuipukuta mpaka inawala.

"Muyende bwino, atsibweni," anatero.

"Sindinakhale atsibweni ako," anayankha a Levison, n'kukwera.

Ananyamuka ndi kope latsopano, mapensulo awiri, chitini chija, ndi botolo lalikulu la fodya wa m'mphuno wopatsa nkhalamba. Pamudzi woyamba anapeza mkulu wina amene anati a Tisauke ankawadziwa: ankaumba mbiya, ndipo mbiya zawo zinkadontha. A Levison anatseka kope, anathokoza ndi pakamwa pokha, botolo osalitsegula. Mkulu wina amene anali pambali anaona zimenezo. Anakhosomola, n'kunena kuti iye anamva kuti a Tisauke anali mwana wa mfumu yaikulu ya kutsidya. Pensulo inathamanga, botolo linatseguka, ndipo fodya anadzaza chikhatho cha mkuluyo.

Basitu, zinawonongekera pamenepo. Mbiri yakuti kukubwera mphunzitsi wa ku Katete wogula makolo ndi fodya inathamanga kuposa njinga. Pamudzi wachitatu anapeza nkhalamba zitakhala kale pamzere pansi pa mtengo wa mango. Wina anati atate awo a Tisauke anapha mkango ndi mpini wa khasu. Wina anati ng'ombe zawo zikamapita kumadzi, fumbi lake linkaoneka ku Tete. Mayi wina analumbira kuti analipo tsiku limene a Tisauke anabadwa, ndipo ndiye anawadula mchombo, chikhalirecho mayiyo anali wamng'ono kwa mwana woyamba wa a Tisaukewo. A Levison ankaphunzitsa masamu, koma tsiku limenelo masamu anawasiya ku Mkaika.

Pofika tsiku lachitatu, a Tisauke anali ndi atate atatu, onse mafumu, ndipo mmodzi mwa iwo anamwalira kawiri, koyamba kunkhondo ya Angoni, kachiwiri ndi nthomba. A Levison anakanda mutu pang'ono, kenako anawalemba onse atatu, poti ufumu suchuluka.

Ku Vubwi anawalozera kwa a Esnart, mayi wokalamba amene anakulira mudzi umodzi ndi ana a Tisauke. Anawapeza akusenda mtedza pakhonde. Atawatsegulira botolo, iwo anakana.

"Fodya amandiyetsemulitsa," anatero. "Funsani chabe."

A Levison anavundukula chibangili chija. A Esnart anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera ku mtedza wawo.

"A Tisauke sanabadwire kuno," anatero. "Anabwera ali kamwana, ndi ulendo wa bambo wake wa Mikidadi. Mikidadi mukumudziwa, ali ndi sitolo ku Katete pamsewu. Anakulira konkuno, ndipo zonse anazimva kwa atate ake. Mwapalasa masiku atatu kufuna chinthu chimene chili kuseri kwa nyumba yanu. Koma mukapite nokha, mwamva?"

Mawu otsirizawo a Levison sanawamve. Anamva zakuti agogo awo anabwera ndi ulendo, ndipo m'mutu mwawo anaona kale mwana wa mfumu ali pamachila, anthu akuimba kutsogolo ndi kumbuyo. Pobwerera njinga sinagwetse tcheni ngakhale kamodzi, koma za amene anaikonza sanaziganize.

Atafika anatumiza mawu kwa a Goodson, kwa a Judith, kwa Ottilia ndi kwa Filimoni yemwe, kuti Loweruka m'mawa akakumane pasitolo ya a Mikidadi.

"Bwanji mupite kaye nokha mukamve?" anatero a Anna. "Nkhani ya makolo ili ngati dzungu, za m'kati umazidziwa utaliswa."

"Ine ndayenda, iwe unali pano," anayankha a Levison. A Anna anangoti chabwino, n'kuwasitira malaya.

A Mikidadi anali nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, Msilamu wobadwira ku Nyasaland, wogulitsa mchere, sopo, palafini ndi nsalu. Loweruka limenelo anali pakhonde la sitolo, atavala mkanjo woyera, ndipo ogula anali ambiri ndithu. A Levison anafika atavala jekete, anapereka moni, anafotokoza chimene abwerera, n'kuika chibangili patebulo loyezera nsalu. A Mikidadi anachitembenuza ndi chala.

"Aphunzitsi, tiyeni tilowe m'kati, timwe tiyi awiriwiri."

"Iyayi, a Mikidadi. Nenani pompano, onse amve. Mbiri yabwino sabisa."

"Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza."

A Mikidadi anapumira m'mwamba. Analoza kumbali kwa sitolo, kumene mbuzi yawo inali pachingwe. Chingwecho chinamangidwa ku chitsulo chozungulira, chokhomedwa pamtengo, chakuda bii, chofanana ndendende ndi cha patebulo.

"Icho ndi chinzake," anatero. "Atate anga anasiya zisanu ndi chimodzi. Ankachita malonda oipa, malonda a anthu, Mulungu awakhululukire. Zitsulo zimenezi ankaveka akapolo kumwendo."

Anthu onse pakhonde anatembenukira ku chitsulo cha mbuzicho. Ngakhale mayi wogula mchere anaima mbale ili m'manja.

"Ulendo wina," anapitiriza a Mikidadi, "atate anafika ku Vubwi ndi mtsikana wamphamvu, dzina lake Mwatitha. Kumsana anali atabereka kamwana kosakhala kake, konyentchera, ka chifuwa, kamene mayi ake anafera m'njira. Anthu a ulendo ankafuna kukasiya kuthengo, koma Mwatitha anakabereka masiku khumi ndi awiri, chitsulo chili kumwendo. Mwini mudzi wina anamugula Mwatithayo ndi mnyanga wa njovu. Kamwanako anakakana, anati kafa mawa. Mwatitha anakhala pansi, anati mundiphe, popanda aka sindinyamuka. Atate anatopa, anati katengeni ka mbasela."

"Mbasela?" anafunsa a Levison.

"Monga ndimachitira ndi mchere. Munthu akagula mbale, ndimamuwonjezera kachikhatho. Kamwanako ndiko a Tisauke, agogo anu. Ine ndinawapeza ali aakulu onse awiri, ndipo ankaitanana kuti akulu ndi ang'ono mpaka imfa."

A Levison anagwira chibangili, ngati munthu wofuna pogwira. "Ndiye kuti ichi anavala ndi agogo anga."

"Ayi, aphunzitsi. Iwo sanawaveke, mwendo wake unali ngati bango, chikanangovuka. Ichi chinali kumwendo kwa a Mwatitha. Atachimasula anapatsa kamwanako kuti kazisewera nacho, kaleke kulira."

A Judith anayesetsa. Anatseka pakamwa ndi chitenje, anayang'ana kumsewu, anayang'ana mbuzi, koma mbuziyo ndiyo inawamaliza. Phwete! Kuseka kunawatuluka mpaka misozi, ndipo khonde lonse linatsatira, kuseka kopanda njiru, kwa anthu odziwa kuti aliyense ali ndi chitini chake kunyumba. Amene sanaseke anali a Goodson ndi Filimoni. A Goodson anavula chipewa pomva dzina la agogo awo, ndipo sanachivalenso. Nkhani ya kamwanako anali asanaimvepo.

A Levison anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo. Zaka makumi awiri za kunyamulitsa alendo chitsulo cha akapolo zinawabwerera zonse nthawi imodzi. Koma pansi pa manyaziwo panali china chowawa koposa. Anaona mtsikana wa chitsulo kumwendo atabereka mwana wa eni, masiku khumi ndi awiri, ndipo anazindikira kuti akanamutsitsa tsiku limodzi lokha, sipakanakhala Levison, kapena Judith, kapena Ottilia. Munthu amene ankamutchula ndi mphuno yokweza ndiye anabereka mbumba yawo yonse kumsana.

Anaimirira, anakulunga chibangili m'kansalu kake, anayenda mpaka pamene panakhala a Goodson, n'kugwada, jekete ndi thalauza losita zili choncho.

"Ichi ndi chanu," anatero. "Takhala nacho nthawi yaitali osathokoza. Ndinalankhula zopusa, mundikhululukire. Mwanayo ngati mukumufunabe, ine ndilibe mawu ena."

A Goodson analandira ndi manja awiri. "Dzukani, aphunzitsi. Makolo anagwirizana kalekale, ife tangochedwa kumva." Kenako anapatsira Filimoni, ndipo Filimoni anapatsira Ottilia, amene ankalira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Nanga kopelo?" anafunsa a Mikidadi. "Mwalembamo chiyani?"

"Mafumu atatu," anatero a Levison.

"Ndisiyireni. Mapepala okulungira mchere akusowa."

Mwezi wonse wotsatira, anthu a ku Katete ankagula mchere wokulungidwa m'mbiri ya ufumu, ndipo ena ankayamba awerenga za mkango ndi mpini wa khasu asanathire m'ndiwo. Ukwati unachitika mvula isanagwe. Pochoka kutchalitchi Filimoni anati, "Zikomo, atsibweni," ndipo a Levison anayankha ngati kuti akhala akuyankha chomwecho chibadwire. Chitini cha pakabati a Anna anachitsuka, n'kuikamo tiyi.

A Levison anagula kope lina. Patsamba loyamba analemba dzina la a Mwatitha, la a Tisauke pansi pake. Ndipo mpaka ukalamba wawo, akamva munthu akunyoza chiyambi cha mnzake, ankamufunsa ngati anafikako kale kwa a Mikidadi. Iwo anali ataphunzira pakhonde la sitolo, pamaso pa mbuzi ndi ogula mchere, chimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti anyani amasekana zikundu.