Ngowe za m'Sitolo ya Nsalu

M'katauni kena panali munthu wina dzina lake Lufeyo, amene bambo ake anamusiyira sitolo. Inali nyumba yakalekale ya njerwa zootcha ndi khonde lalikulu, ndipo malemuwo anagulitsiramo nsalu moyo wawo wonse.

Koma malonda a nsalu anazilala, poti anthu anathamangira kaunjika kumsika. Lufeyo anatseka sitolo, kiyi n'kuponya m'thumba.

Kunabwera wachigayo kudzapempha nyumbayo, iye anakana. Kunabwera wokonza njinga, anakananso. Kenaka kunadza amayi a kumpingo, akufuna poti ana a mkombaphala aziphunzirira, pakuti pansi pa mtengo mvula inkawabalalitsa.

"Pepani amayi," anatero Lufeyo. "Muno ndi mwa nsalu. Ndikalowetsamo zina ndiye kuti ndanyoza bambo anga kumanda."

Munthuyu sanali woipa ayi. Ankawakonda bambo ake, ndipo chikondi chomwecho n'chimene chinamuumitsa mutu. M'mawa uliwonse ankasesa pakhonde, n'kugwedeza loko, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. M'kati sankalowamo, poti mumamukumbutsa maliro. Koma inu mukudziwa zimene zimachitika m'nyumba yosatsegulidwa. Chiswe chinalowa osaodira, mileme nayo n'kumanga mudzi kudenga.

Tsiku lina kunagwa mvula yamkuntho, siling'i n'kugwa mbali imodzi. Lufeyo anatsegula, nalowa. Atagwira shelefu ya bambo ake, inangoyoyoka m'manja, dothi lokhalokha. Mtima unamupweteka kwambiri. Atakweza maso, anaona pa mtanda wa denga umene siling'i inkabisa pali ngowe zachitsulo zadzimbiri, zili lende.

A Nangondo, mayi wachikulire amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi pomwepo, anasuzumira pakhomo.

"Amayi, ngowe izi zikutani m'sitolo ya nsalu?" anafunsa Lufeyo.

"Mwanawe, kani sudziwa? Nzokolekapo nyama izo. Bambo ako anaigula nyumbayi ili butchala, ntchentche zili ng'waa. Anthu tinkawaseka kuti nsalu zawo zizinunkha mbuzi, iwo ali kalikiliki kukolopa. Ndipo butchala isanabwere, mayi anga ankadzagulitsa thonje muno."

Lufeyo anayamba kuseka, misozi ili m'maso. Tsiku lomwelo anapita kwa amayi a kumpingo aja, nawapatsa kiyi.

Makolo a anawo anabwera ndi mitengo ndi misomali, nakonza denga. Amayi anakolopa, napaka laimu. Lero mukadutsa pamenepo mumva tiana tikuimba mosagwirizana, phala likuwira kuseri. Lufeyo amakhala pakhonde pa mpando wa bambo ake, n'kumadandaula kwa aliyense wodutsa kuti phokoso la anawa limugonthetsa m'khutu. Koma sachokapo mpaka ataweruka.

Tsono inu amene makolo anakusiyirani kanthu, kaya ndi nyumba, kaya ndi munda, kaya ndi mpingo uno, musamayese kuti mukuwalemekeza pokhoma chitseko. Nawonso anapeza cha anthu ena, nachikolopa, nachisintha kuti chithandize anthu a masiku awo. Mukafuna kuwatsanzira, atsanzireni pamenepo. Taonani amene waima pakhomo panu lero, ndipo mumutsegulire.