Mwana Wasukulu wa Makumi Anayi

Panali munthu wina, dzina lake Gwetsani, amene ankalima dimba la ndiwo zamasamba pa sukulu ya mishoni. Sukuluyo inali nyumba imodzi yokha ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, pamwamba pa chitunda. Zaka makumi awiri analima kuseri kwa kalasi, koma mkatimo sanapondemo. Anali ndi akazi awiri, ndipo lamulo la pamishonipo linali lakuti wamitala azithera pakhomo. Iye sanadandaule. Ankangothirira kabichi wake.

Chaka china amishoni anamanga katundu nabwerera kwawo, sukulu naisiya m'manja mwa boma. Aphunzitsi anabalalika. Makolo anati sukulu yafa, natumiza ana kukapirikitsa anyani kumunda. Kenaka kunabwera uthenga wakuti woyendera sukulu akubwera. Akapeza ana makumi anayi, atumiza mphunzitsi. Akaperewera, malata asasulidwa apite ku sukulu ya kutsidya kwa mtsinje, kumene mwana sangafike nthawi ya dzinja.

Gwetsani anaika khasu pansi nayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ena anamuseka. "A Gwetsani, sukulu inakukanani ija, lero mukuilirira maliro ndinu?" Iye anangopitirira ku khomo lina. Pena anapempha mogwada, pena analonjeza kukalondera anyani iye mwini masana.

Tsiku linakwana. Woyendera uja anafika pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu m'nsapato. Anawerenga ana. Anawerenganso kachiwiri, akuloza ndi cholembera. Anali makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

"Pepani, makolo," anatero. "Waperewera mmodzi. Lamulo sindinapange ndine." Ndipo anatseka kaundula.

M'mazenera munali mutadzaza anthu, mudzi wonse, akamwini a Gwetsani ali pomwepo. Pamenepo nkhalamba Gwetsani, imvi zili mbee, inavula chipewa, inapukuta mapazi pakhomo, inalowa. Inakakhala pa benchi yakutsogolo pakati pa tiana ta mamina, mawondo akugunda chibwano.

"Werenganinso, bwana."

Kunja anthu anafa nalo phwete. Woyendera sanaseke. "Madala, mukudziwa chimene mukuchita? Ndikakulembani, ndiye kuti tsiku lililonse muzikhala pomwepo. Chaka chikatha ndidzakuyesani mayeso pamaso pa adzukulu anu."

"Lembani," anatero Gwetsani.

Mphunzitsi anabwera mwezi wotsatira. Gwetsani sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Zala zake zozolowera khasu zinkathyola choko. Mayeso oyamba analephera, achiwirinso analephera, adzukulu ake akumupitirira mmodzimmodzi. Akazi ake ankanyozedwa kuchitsime kuti anakwatiwa ndi mwana wasukulu. Zinkamuwawa, inde zinkamuwawa, koma ankadziwa kuti akadzuka pa benchipo chiwerengero chigwa. Anakhalapo zaka zitatu, mpaka ana anachuluka moti ena ankakhala pansi. Anamwalira asanafike Sitandade 3.

Zaka zinapita. Pafupi ndi nyumba ija anamanga ina, kenaka ina. Kunabwera malo ogona atsikana. Sukulu inasanduka sekondale, kunabwera magetsi ndi nyumba yoyeseramo za sayansi. Pachitundapo patuluka anamwino, oweruza milandu, omanga milatho, anthu osawerengeka. Ine ndikaima pansi pa nyumba zosanjikizanazi n'kukumbukira kuti zonsezi zinatsala pang'ono kuthera pa mwana mmodzi woperewera, thupi limandichita tsemwe.

Tsono inu amene mwandimvera, tsiku lina nanunso mudzaima pazenera, chinthu chabwino chikufa chifukwa paperewera munthu mmodzi. Mudzayang'ana uku ndi uku kufuna woyenera, wophunzira, wosachititsa manyazi. Musadzayang'ane nthawi yaitali, kaundula akutsekedwa. Woperewerayo ndinu.