Moto wa M'mimba mwa Ndaziona

...ayi aise, usandidule! Wafika mochedwa, wapeza nkhani ili pakati, ndiye uyambe makani? Ndikuti si kachilombo kalikonse ka m'mimba kamene kali matenda. Tina timakuphwanyira chakudya iwe uli phee pa foni, osathokoza n'komwe. Ndipo ta ngamila yamphongo ndi ta yaikazi sitifanana. Ukuseka? Khala pansi. Padangotero, ndipo wina asandiyankhe ngati wadzuka kumene.

Kalekale, chipululu chisanadulidwe ndi misewu, kunali ngamila yamphongo, dzina lake Mkokomo. Chimphona, linunda ngati chulu, akabangula mchenga umachita kuyoyoka pa zitunda. Mkazi wake anali Siyeni, ndipo anali ndi kamwana kamodzi kakakazi, Tisaiwale.

Masiku amenewo ngamila zinali ndi mwambo wake. Mwana akayamba kubudula masamba, mayi ake ankabzikula n'kumulavulira pang'ono m'kamwa. Tizilombo tabwino tija tinkadutsa mmenemo, kuchoka mwa mayi kukamanga mudzi m'mimba mwa mwana. Ankati kupala moto. Mwana wamkazi ankapala kwa akazi basi. Wamwamuna akakula ankakawonjezera kwa amalume ake, poti ta amuna n'tina, tozolowera njala, ta nyengo ija mphongo zimangochita thovu kukamwa osadya, zikulimbirana akazi.

Koma Siyeni anamwalira mwana asanapale moto. Anagwa panjira ya ku chitsime chakutali, ulendo umene Mkokomo anachita kukakamiza. Pamaliro, mkulu wake wa Siyeni, mayi Ndaziona, sanabise mawu.

"Alamu, woyamwitsa amamuyendetsa chonchi? Mwatiphera m'bale wathu. Mwanayo msiyeni kuno, apale moto kwa ine."

Mkokomo magazi anawira. "Mwana wanga apale kwa inu? Ine mimba ndilibe? Mimba ndi mimba, alamu."

"Tiona."

"Muona zedi!"

Anamutenga mwana uja osatsanzika, napita ku chigwa cha mithethe. Kumeneko n'kumene anamuonera Siyeni koyamba, akuthyola nsonga za minga ndi milomo yokha, mwaulemu ngati akusankha mikanda. Mitengo inali yomweyo. Mthunzi umene ankagonapo awiri unali pomwepo. Mkokomo ankati akayang'ana kumbali kuti anene kanthu, n'kupeza pali mchenga wokha.

Tsiku lina anaona Tisaiwale akubudula tsamba. Anabzikula, namuitana.

"Yasama."

Mwana anameza, nkhope n'kukwinyika. "Ababa, zowawa!"

"Meza basi. Amayi ako aakulu aja aone kuti nafenso tili ndi moto."

Sipanatenge nthawi, kamimba ka mwana kanatupa ngati ng'oma. Akadya, zongodutsa. Mkokomo anatsitsa khosi lake lalitali, naika khutu pa mimba ya mwanayo. Mkatimo tizilombo tinali kuimba:

Tachoka kwa mphongo, tachoka,
Nyumba ino sitiidziwa,
Kaitaneni eni ake!

"Ulesi basi," anatero Mkokomo. "Tachepa timeneti. Ndiwonjezere."

Anabzikulanso, namulavuliranso. Mwana anaonda, kalinunda kanagwa ngati thumba lopanda kanthu, maondo gwedegwede. Bambo anaikanso khutu. Nyimbo yomwe ija, koma tsopano mokuwa:

Tachoka kwa mphongo, tachoka,
Nyumba ino sitiidziwa,
Kaitaneni eni ake!

"Khalani chete!" anakalipa. "Ine mwakhala mukundigwirira ntchito moyo wanga wonse. Mwana wanga yemwe akukanikeni?"

Kamodzi kanayankha ndi mawu ang'onoang'ono: "Bwana, inu timakudziwani. Mumameza udzu wouma, mumagona ndi njala, ife n'kumapirira. Uyu ndi mtsikana. Kuno kukufunika anzathu aja a kwa amayi. Ife tikungogundana ndi zipupa."

Mkokomo anadzutsa khosi. Kubwerera kwa Ndaziona? Iye atanena zija pamaso pa onse pamaliro paja? Anati bola adikire, mwina zisintha.

M'mawa mwake Tisaiwale analephera kudzuka. Anayesa miyendo yakumbuyo, n'kugwa chamutu. Kumwamba miimba inali itayamba kale kuzungulira, ina n'kutera pa mthethe womwe uja wa mthunzi wa Siyeni, n'kumamuyang'ana mwanayo ngati yaitanidwa.

Apo ndiye makani anathera. Mkokomo analowetsa khosi pansi pa mwana, namuimiritsa. Ankayenda pang'ono, mwana n'kugwa, iye n'kumudzutsa. Kuyenda, kugwa, kudzutsa. Miimba ili pambuyo.

Anazipeza ngamila zazikazi zikudya zitsamba zamchere. Ina itangomuona inakuwa: "Taonani uko! A Mimba-ndi-mimba abwera!"

Kuseka kunali kumeneko, aise. Mkokomo anadutsa pakati pawo mutu uli pansi, mpaka pamene panali Ndaziona. Anapinda miyendo yakutsogolo, kenako yakumbuyo. Chimphona chija chinagwada pamchenga.

"Alamu, ndabwera kudzapala moto."

Ndaziona anapitiriza kutafuna. "Wanu uja wazima?"

"Wanga ukumuwotcha mwanayu."

"Si paja munati tiona?"

"Mwaona, alamu. Nenani zonse zimene mukufuna, ndimva. Koma yambani mwamuona kaye."

Ndaziona anatembenuka, naona kamwana ka mng'ono wake kali nthiti zokhazokha. Chipongwe chonse chinathera pomwepo. Anagwada pafupi, nakanyambita kumaso.

"Bwera, mwana wanga. Yasama."

Anakoka chakudya kuchokera pansi pa mimba, nabzikula pang'onopang'ono, namulavulira m'kamwa. Ndiye kamphepo kanatenga mpweya wa Ndaziona n'kukamumenya Mkokomo pamphuno. Fungo la chitsamba chamchere, kowawasa pang'ono, kofunda. Fungo limene ankalimva madzulo aliwonse mkazi wake akamabzikula pambali pake.

"Siyeni..." anatero, osadziwa kuti walankhula.

Ndaziona anamuyang'ana. "Tinapala kwa mayi mmodzi, alamu. Mumayesa anapita nazo zonse kumanda?"

Ngamila sitaya madzi wamba, koma tsiku limenelo mchenga unanyowa.

Tisaiwale anachira. Mimba inaphwa, miyendo inalimba, kalinunda kanayamba kudzuka. Mkokomo anaikanso khutu, koma mkatimo munalibe nyimbo. Ankangomva phokoso la antchito odziwa ntchito yawo.

"Ndiye tizipita," anatero kwa mwana wake.

"Mupita nokha," anatero Ndaziona. "Moto sapala kamodzi. Akhala kuno mpaka akule."

"Nanga ine ndizimuona liti?"

"Pachitsime. Aliyense amamwa."

Mkokomo anatsegula pakamwa kuti abangule. Anayang'ana mwana wake akulimbirana tsamba ndi anzake, n'kutseka pakamwa paja.

Ku chigwa cha mithethe sanabwererenso. Ankakhala chapatali ndi gulu la akazi lija, ndipo dzuwa likapendeka ankayamba wafufuza kumene mphepo ikulowera, n'kukagona mbali imeneyo. Tisaiwale akayamba kubzikula pakati pa azimayi ake, kamphepo kankamubweretsera bambo wake fungo lija. Iye ankangotsinzina, n'kumabzikula yekha.

Nthano yathera pamenepo, ndipo phunziro lake musandifunsenso kawiri: mwana umukonde chotani, pali zina zimene mwa iwe mulibe, ndiye kagwade kwa amene ali nazo ngakhale munatukwanana. Alipo pano amene angaimirire n'kunena kuti anakula ndi moto wa munthu mmodzi?