Mphuno ya Ludoviko pa Msewu wa ku Tsangano

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Ena amati uwu ndi wa makedzana, koma anthu a kumapiri a ku Ntcheu amati unabadwira m'mbali mwa msewu, mwezi wa Juni, galimoto zikadali zowerengeka.

Kunali dalaivala wina dzina lake Ludoviko Dzimbiri, amene ankanyamula mbatata ya kachewere pa kalole kake kuchokera ku Tsangano kukagulitsa kuchigwa. Munthuyu ankatchuka ndi mphuno. Mabuleki akayamba kupsa, iye ankamva fungo ena asanaone utsi. Mafuta akamadontha penapake, ankangonunkhiza kawiri n'kuloza pomwepo. Anzake ankamuitana kuti adzawanunkhizire galimoto zawo, mpaka iye anafika pokhulupirira kuti palibe vuto lingamupeze mphuno isanamuuze.

Tsiku lina m'mawa akupakira matumba, mkazi wake Nangozo anamukumbutsa kuti pobwerera akatenge mng'ono wake Esinta kuchipatala, kumene anabereka mwana wamwamuna masiku atatu apitawo.

"Bambo, mwaikamo bulangete?" anafunsa Nangozo. "Nanga tayala lapadera lija munalipopa?"

Apa n'kuti Ludoviko atatsitsa kale bokosi la zipangizo, jeke ndi pampu zili momwemo, kuti papezeke malo a matumba ena awiri.

"Ulendo wa maola awiri womwewu? Taonani dzuwa mmene lawalira. Galimotoyi ndainunkhiza yonse, ilibe chilema," anatero Ludoviko.

"Dzuwa la kuno silitsanzika pochoka. Tengani ngakhale machesi okha."

Ludoviko anangoseka, n'kuliza injini.

Popita zonse zinayenda bwino. Anatsitsa mbatata, anakatenga mlamu wake ndi khanda lija, ndipo cha m'ma 2 koloko masana anayamba kukwera mapiri. Pofuna kufulumira, anasiya msewu waukulu n'kulowa njira yachidule yodutsa m'nkhalango, imene galimoto inkadutsamo mwina kamodzi pa sabata.

Atafika pamwamba, nkhungu inatsika ngati munthu watseka chitseko. Kenako kunayamba kuwaza kamvula kopyapyala, kozizira kolowa m'mafupa. Ludoviko anachepetsa liwiro. Sanayende mtunda wautali, anangomva phuu! Galimoto inapendekera kumanzere n'kuima. Mwala wosongoka unali utang'amba tayala lakutsogolo.

Anatsika n'kukagwira tayala lapadera. Linali lofewa ngati papaya lakupsa. Anapita pamene ankaika bokosi lija, ndipo anaima pomwepo kanthawi, manja ali lende.

"Alamu, mwapeza chiyani kumeneko?" anafunsa Esinta moseka, pakuti awiriwa ankakonda kunyogodolana. "Kapena mphuno yagwidwa chimfine?"

Esinta ataona nkhope ya Ludoviko, nthabwala zinamuthera.

Anadikira ola lathunthu, akumvetsera ngati kungabwere galimoto. Kunali zii. Zenera la mbali ya Esinta silinkatsekeka bwino, ndipo mphepo inkalowa ikuimba mluzu. Mwana anali m'zitenje ziwiri ndi kashawelo kamodzi. Poyamba analira kwambiri, ndipo Ludoviko ankalakalaka atatonthola. Koma atatontholadi, mantha anakula.

"Alamu, tagwirani mapazi akewa," anatero Esinta. "Akukananso kuyamwa."

Ludoviko anagwira. Timapazi tija tinali tozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anasuzumira paliponse m'galimotomo: munalibe chofunda, munalibe machesi, munalibe ngakhale thumba lopanda kanthu, poti onse anawasiya kumsika pamodzi ndi mbatata. Anaganiza za mkazi wake, mmene iyeyo akaimire pakhomo n'kumuuza mkaziyo kuti mwana wa Esinta wafera m'manja mwake chifukwa cha matumba awiri.

Anavula jekete, anavulanso malaya.

"Mumuvule zitenjezo, mumuike pachifuwa panu, khungu likhudzane ndi khungu. Ndiye mufunde izi pamwamba. Musatsike, zivute zitani. Ine ndikafune anthu."

"Mupita chomwecho, osavala?"

"Ine ndine wamkulu, ndipirira."

Anatseka zenera lija ndi mphira wopondapo wa pansi m'galimoto, n'kulowa m'nkhungumo. Sankaona kutali kuposa pamene pangagwe mwala woponyedwa ndi mwana. Anatsata m'mphepete mwa njira, akufuula, akuima n'kumvetsera, akuthamanganso. Mano ankagundana, zala zinachita dzanzi. Kawiri konse anaterereka n'kugwa m'matope. Atayenda mwina makilomita anayi, anamva belu la ng'ombe chakumunsi. Anatsetsereka potsata kulirako, ndipo anapeza bambo wina wachikulire akumasula ng'ombe pangolo pafupi ndi khumbi la m'munda.

Mkuluyo, dzina lake a Jumbe, anadzidzimuka poona munthu wopanda malaya akutuluka m'nkhungu. Ludoviko analephera ngakhale kupereka moni.

"Khanda... pamsewu... likuzizidwa," ndi zokhazo zimene zinatuluka.

A Jumbe sanafunse zambiri. Anamanganso ng'ombe zija, akazi awo anatulutsa mabulangete awiri ndi mbaula ya makala oyaka, ndipo onse atatu anakwera ngolo. Atafika pagalimoto anapeza Esinta atadzipinda ngati nkhuku yofungatira. Mayi aja analowetsa dzanja pansi pa jekete, kenako anati, "Akupuma. Tiyeni msanga kumoto."

Kutada, ali kukhumbi kuja, mwana analira, n'kuyamwa. Esinta nayenso analira. Ludoviko anali kutsidya la moto, atafunda bulangete la eni, akuyang'ana pansi.

Mwanayo anakula bwinobwino. Koma Ludoviko anadwala chibayo, nagona milungu itatu. Nangozo anamusamalira osamukumbutsa kanthu, ndipo kukhala chete kumeneko kunamupweteka kuposa chifuwa. Atayamba kupeza bwino, madalaivala anzake anabwera kudzamuzonda. Mmodzi wa iwo anafunsa mwachipongwe kuti, "Achimwene, nanga mphuno ija inali kuti tsiku limenelo?"

Ludoviko anatsokomola, n'kuyankha pang'onopang'ono: "Mphuno inalipo. Koma tsoka silinunkha."

Anzakewo anatenga mawuwa n'kuyenda nawo m'misewu yonse, mpaka anasanduka mwambi.

Tsoka silinunkha. Tanthauzo lake n'lakuti vuto silituma mthenga. Nzeru ndi luso zimathandiza pa zimene zimaoneka zikubwera, koma pali zina zimene zimangogwa, kunja kuli ngwee. N'chifukwa chake dalaivala wanzeru, kaya akukwera mapiri athu m'chisanu, kaya akupita kumaiko akutali kumene kumagwa chipale chofewa, amayamba waona matayala ndi jeke, amaika chofunda, madzi, kamba ndi machesi, ngakhale ulendo ukhale waufupi. Munthu amakonzekera pa tsiku limene zonse zili bwino, pakuti pa tsiku loipalo amakhala ndi zokhazo zimene ananyamula.