Dzanja la Dobri pa Makomo Awiri

M'khitchini mwa Dobrivoje Vranić, ku Čačak, munali wailesi yakanema imene sinkadziwa nyimbo kapena nkhani. Inkangoonetsa basiketibo, kuyambira pa khofi wa m'mawa mpaka pa supu wa madzulo, moti mkazi wake Slavka anazolowera kusenda mbatatesi nsapato zikulira kwii kwii pa bwalo la matabwa. Ntchito ya Dobri, monga tauni yonse inkamutchulira, inali kusakira osewera timu ina ya ku Amerika. Chaka chilichonse mu Juni matimu a kumeneko amasankha anyamata atsopano mosinthana, timu iliyonse pa nthawi yake, ndipo chaka chimenecho timu ya Dobri inali ndi mpata umodzi wokha. Abwana ake ananena mosapita m'mbali pa foni: "Tikufuna woyendetsa mpira. Mmodzi. Mukamupeza, mumupatse dzanja m'dzina lathu."

Diso mkuluyu anali nalo, tisamunamizire. Ena akamawerenga zigoli, iye ankayang'ana zina. Ankati woyendetsa mpira umamudziwa adani awiri akamupanikiza pakona: maso ake ali pansi kapena ali kwa anzake? Umamudziwa ndi dzanja lamanzere. Umamudziwanso mnzake akataya mpira wabwino: kodi amupatsanso, kapena amusungira chakukhosi? Poyeza chonchi, pa anyamata onse amene anawaonera m'nyengo yozizira ija panatsala awiri.

Woyamba anali Relja wa mu Čačak momwemo, wamfupi, wothamanga ngati waponda moto, wolowa pakati pa zimphona osaphethira. Wachiwiri anali Vukašin wa ku Užice, wamtali, woyenda ngati alibe kopita, koma ankaona mpata usanatseguke, ndipo mpira unkafika m'manja mwa mnzake mwiniwakeyo asanadziwe kuti ali yekha. Dobri akaonera Relja Loweruka ankati basi, ndi ameneyu. Akaonera Vukašin Lamlungu ankabwerera kunyumba mtima utatembenuka.

"Nanga mwasankha uti?" anafunsa Slavka tsiku lina, akumuthirira khofi.

"Onse."

"Mpata si umodzi?"

"Mayi, inu sendani mbatatesi, za mpira mundisiyire. Ndikapereka dzanja kwa mmodzi, winayo akayesedwa ku matimu ena, amuona, amutenga. Ndiye ndiwatsekere m'khola onse awiri mpaka Juni. Tsikulo likadzafika ndidzakhala nditadziwa."

"Ndiye wotsalayo mudzamuuza chiyani?"

"Kuti ku Amerika asintha maganizo. Amerika ili kutali, ndani akafunse?"

Slavka anaika mphika pansi mwamphamvu pang'ono. "Amerika ili kutali, koma Užice ndi apa."

Kupereka dzanja si nkhani yamasewera pa ntchito imeneyi. Palibe pepala, palibe siginecha. Timu ikalonjeza mnyamata kuti idzamusankha, iye amatseka chitseko: sapitanso kukayesedwa kwina, ndipo ena akamuitana amapeza chonamizira. Amaika tsogolo lake lonse pa mawu a munthu mmodzi. Dobri ankazidziwa bwino zimenezi, popeza mawu akewo ndiwo ankamudyetsa. Makolo ankamutsegulira makomo chifukwa anali asanaphwanyepo lonjezo.

Komabe anapita. Anayamba kwa Bogoljub, bambo wa Relja, mwini shopu ya matayala, munthu wa mawu aakulu. Bogoljub anapukuta girisi pa ovolosi, anagwira dzanja la Dobri n'kulifinya, kenako anatulutsa rakiya, kachasu wa zipatso, ya masiku aakulu. "Koma pakamwa patsekedwe," anatero Dobri. Patapita masiku anakwera galimoto wa ku Užice kwa Jagoda, mayi wa Vukašin, namwino wamasiye. Jagoda sanamwetulire msanga. Anati timu ina ya ku Spain ikumufuna mwanayo, ndipo ikudikira yankho. "Auzeni adikire mpaka atope," anatero Dobri, dzanja lomwe lija litatambasuka. Jagoda analigwira. Pobwerera ankaimba mluzu m'galimoto, akudziona ngati munthu wochenjera kuposa onse m'chigwa chonsecho.

Chimene anaiwala n'chakuti kwathu kuno slava, phwando la woyera woyang'anira banja, munthu amaitanidwako kamodzi kokha. Zaka zotsatira umangovala jekete n'kupita. Ndipo kochi Mileta, nkhalamba imene slava yake ndi ya Woyera Joji mu Meyi, ndi amene anaphunzitsa Relja ndi Vukašin kugunditsa mpira pansi ali ana pa kampu ya ku Zlatibor. Mabanja onse awiri ankadya pa tebulo lake chaka ndi chaka. Dobri naye chimodzimodzi.

Atalowa pabwalo masana amenewo n'kuona Jagoda atakhala moyang'anizana ndi Bogoljub, anazindikira kuti zinthu zavuta. Koma anadzilimbitsa mtima. Onse analonjeza kusunga chinsinsi, ndipo iye anali Dobri. Anapsompsona kochi, analawa tirigu wophika, anakhala pansi n'kuyamikira nyama ya nkhosa.

Nyama isanathe, Bogoljub anaimirira kapu ili m'manja, nkhope ili psuu.

"Akuluakulu, mundikhululukire. Ndinalumbira kukhala chete, koma rakiya ya a kochi siisunga chinsinsi. Relja wanga, kamwana kamene munkati n'kakafupi, mu Juni muno ndi wa ku Amerika. Dzanja ndinagwira ndekha, la a Dobri awa. Timwere!"

Makapu anakwera m'mwamba, kupatula imodzi. Jagoda anaika yake pansi pang'onopang'ono, n'kudikira phokoso lithe.

"A Dobri," anatero, osakweza mawu, "kodi manja akumanja muli nawo angati?"

"Mayi, nkhaniyi ili ndi mutu wake. Tiyeni tikakambirane panja."

"Panja mpomwe tili. Dzanja limenelo linali pa tebulo langa, linadya keke yanga. A ku Spain ndinawakaniza chifukwa cha dzanja limenelo."

Bogoljub anayang'ana kapu yake ngati mwagwera ntchentche. Relja ndiye anadumpha, mpando n'kugwera kumbuyo. "Malume Dobri, ine ndauza matimu awiri kuti bondo likundiwawa. Bondo labwinobwino. Ndinanama chifukwa cha inu."

"Khala pansi, mwana wanga. Nonse ndinu abwino, ndiye vuto lake. Ndimafuna nthawi yoti ndione bwino."

Vukašin anasiya kuzunguza foloko pa mbale. Anadzutsa mutu. "Malume, munandiuza nokha nditalakwitsa ku Kraljevo kuja. Munati anzako awiri akathamanga, sankha mmodzi msanga, ukaponya pakati pawo mpira umatuluka kunja."

Panalibe woseka. Dobri anachita manyazi amene anali asanawamvepo, manyazi otentha mpaka m'makutu. Kochi Mileta anamukankhira mbale. "Idya nyama, Dobri. Pa slava mlendo sathamangitsidwa. Koma kuholo kwanga kwa masewera usadzapondekonso."

Mungaganize kuti munthu akanathera pamenepo, koma mkuluyu anali wouma mutu. Anauza Slavka kuti mkwiyo wa paphwando umatha ndi matsire, ndipo palibe mnyamata amene angakane Amerika. Anadikira kuti mitima izizire. Kenako, nthawi itatha kale, anasankha: Vukašin. Anapita ku Užice ndi maluwa. Jagoda anatsegula chitseko theka.

"Wachotsa dzina lake pa masankho a chaka chino. Wasaina ku Spain. Kumeneko anatipatsa pepala, a Dobri, chifukwa manja tinawaona."

Dobri sanataye nthawi n'kudandaula. Anatembenuza galimoto, maluwa omwewo ali pa mpando, ulendo wa ku shopu ya matayala. Anapeza Bogoljub akupopa tayala, ndipo sanasiye kupopa.

"Relja? Bondo linachira mozizwitsa, achimwene. Ali ku Amerika, akuyesedwa. Akuti timu imene yamukonda imasankha inu musanasankhe. Maluwawo mukapatse mlamu."

Zinachitikadi momwemo. Pa tsiku la masankho dzina la Relja linatchulidwa mpata wa timu ya Dobri usanafike, ndipo abwana anangotola mnyamata wina amene Dobri anali asanamuonepo n'komwe. Foni inalira m'mawa mwake. Anali abwana.

"Diso lanu silinalakwe, Dobri. Onse awiri ndi osewera. Koma ife tili ndi uti?"

Dobri anayamba kufotokoza, abwana anamudula. Anati omuimira Relja afalitsa nkhani yonse, moti palibe banja m'dera limenelo limene lingakhulupirirenso lonjezo la timu yawo likadzera pakamwa pa Dobri. Ntchito inathera pa foni yomweyo. Chomuwawa kwambiri chinabwera pambuyo pake. Akalowa muholo kukaonera ana akusewera, azibambo ankamupatsa moni ndi mutu, manja ali m'matumba.

Chisanu chitabwerera, wailesi ya m'khitchini ija inali ikadali pa basiketibo. Tsiku lina masana tchanelo china chinkabwereza masewera a Relja a ku Amerika, china chikuonetsa Vukašin ku Spain. Dobri anakhala ndi rimoti m'manja. Akasinthira kwa Relja ankapeza anthu akukuwa, chigoli chitalowa kale. Akabwerera kwa Vukašin ankapeza anzake akumukumbatira, mpira wokongolawo utadutsa.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Slavka.

"Palibe."

"Sankhani mmodzi, bambo. Supu akuzizira."

Dobri anaika rimoti pa tebulo n'kutenga supuni. Anyamata awiri abwino koposa amene diso lake linapezapo ankasewerera anthu ena, ndipo iye analibe timu, analibe holo, analibe munthu womugwira dzanja. Mvula ikayamba, wothamangira phanga ili n'kulisiya kuti akaone linalo amafika konse atanyowa. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.