Lenard Anakwera Chambe Lachinayi

Pa Chitakale, kuseri kwa siteji ya maminibasi, pali kasitolo ka mankhwala ka a Hamadi, amene anagwira ntchito m'zipatala zaka makumi atatu asanapume. Pakhonde pake pali benchi, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu benchiyo inali kalasi ya Lenard Makwinja. A Hamadi ankaponya mafunso uku akugulitsa panado, Lenard n'kumayankha funso lisanathe n'komwe.

Mutu anali nawo mnyamatayu, tisamunamizire. Folomu 4 anakhoza bwino, kungoti zaka ziwiri zotsatizana dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita ku koleji. Chaka chachitatu sukulu ina ya zaudokotala ku Blantyre inamuitana ku mayeso olowera, Loweruka 8 koloko m'mawa. Kalatayo inanenetsa kuti satifiketi yopitirira zaka zitatu salandira, choncho uwu unali mwayi wake womaliza. Mayi ake, a Dainess, othyola tiyi ku esiteti, anaikutira m'pulasitiki kalatayo. Kuwerenga sankatha, koma ankaitulutsa kuonetsa aliyense wobwera pakhomo.

Podikira sukulu, Lenard ankaperekeza alendo okwera phiri la Mulanje, ndipo miyendo yake inali ndi mbiri. Lachitatu la sabata ya mayesoyo kunabwera alendo anayi ofuna kukagona pa Chambe, pamwamba pa phirilo. Mmodzi anali dokotala wa kunja, munthu wa pakamwa potsekemera. Atamva za Lenard anati, "Kwathu kuli mabungwe ophunzitsa ana ngati iwe. Tiperekeze, tikambirane bwino m'njira."

Lenard anafika pabenchi paja mapewa ali m'mwamba.

"Adokotala, zayenda! Tikwera mawa, Lachisanu masana ndatsika, madzulo ndili ku Blantyre. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Chovuta ndi Julaye," anatero a Hamadi. "Wallahi mwana iwe, unabadwira m'tsinde mwa phirili, chiperoni sukuchidziwa? Mlendoyo mpatse nambala yako, amuperekeze mnzako. Iwe kalata uli nayo kale m'manja."

"Aaa, adokotala, Chambe ndi kuseri kwa nyumba kwa ine. Nanga mwayi ukabwera pawiri, munthu n'kuthawa wina?"

A Hamadi anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Miyezi yonseyi sunalakwepo funso. Lero walakwa."

Kunyumba nako mayi ake anamuchenjeza. "Mwanawe, msana uwu wapindika ndi dengu la tiyi. Usasewere nayo kalata ija." Iye anangoseka, n'kuponya kalatayo m'chikwama. "Amayi, inu yambani kuzolowera dzina loti amake a dokotala."

Lachinayi anakwera kunja kuli ngwee. Mlendo uja ankafunsa za mafupa ndi za magazi, Lenard n'kumayankha mosapunthwa, mlendoyo n'kumaomba m'manja. Pofika pa kanyumba kogona alendo pa Chambe, mnyamata anali atakwera kale ndege mumtima mwake.

Lachisanu kunacha kuli mbuu. Chiperoni chinali chitakuta phiri lonse, mvula yowaza yosakata, miyala ikuterera, timitsinje tija timadumphidwa ndi mwendo umodzi titasanduka mitsinje. Alendo anasuzumira panja n'kunenetsa kuti satsika. Yekha Lenard akanayesa, pakuti miyendo inkamuyabwa. Koma ntchito ya m'phiri ili ndi lamulo lake: amene wakweza alendo ndi amene amawatsitsa. Kuwasiya m'chifunga n'kusewera ndi moyo wa anthu, ndipo iye sanali munthu wotero. Foni sinkagwira. Tsiku lonse anangokhala pakhomo pa kanyumbako, akutchula chamumtima mayina a mafupa a m'dzanja, mantha atamugwira koyamba chiyambire kuwerenga.

Loweruka kunayera, ndipo ananyamuka kukungocha. Koma mlendo satsika phiri ngati mwana wa pompano: apa akhale pansi, apa avule nsapato, apa ajambule. Anafika pansi 9 koloko. Minibasi pa Chitakale inadikira kudzaza, pa Nkando inaimanso kukweza matumba a nandolo. Lenard anafika pageti la sukulu ija dzuwa lili paliwombo, malaya akadali achinyezi, matope mpaka m'mawondo. Kalata yokha ndiyo inali youma bwinobwino m'pulasitiki mwake.

Mlonda anaiwerenga mofatsa n'kumubwezera. "Achimwene, kalatayi ilibe vuto. Kungoti inali ya 8 koloko."

Nthawi yomweyo olemba mayeso anayamba kutuluka, akudandaula za funso lina lomwe linawazunguza mitu onse. Lenard anatchera khutu. Linali funso lomwe a Hamadi anamufunsa kanayi konse pabenchi paja. Yankho linamufika pakamwa lokha, koma panalibe womuuza. Apo m'pamene misozi inagwa.

Nanga dokotala wa kunja uja? Anasiya kakhadi kokongola. Lenard analemba makalata anayi. Yankho linabwera limodzi, chithunzi cha onse asanu akumwetulira pa Chambe, ndi mawu othokoza kuti anawasamala bwino kwambiri. Za sukulu munalibe ngakhale liwu limodzi.

A Dainess sanamukalipire, ndipo n'zimene zinamupweteka koposa. Anangosiya kutulutsa kalata ija. Lolemba m'mawa anabereka dengu lawo n'kulowera kumunda wa tiyi, monga akhala akuchitira zaka zonsezi.

Patatha mwezi Lenard analimba mtima n'kudutsa pa kasitolo kaja, maso ali pansi. A Hamadi sanamukumbutse kanthu. Anangopukuta fumbi pabenchi ndi chikhatho. "Mutu ukadalipo. Ukafuna kulembanso Folomu 4, khala apa tiyambe. Koma ulendo uno ugwire chimodzi."

Lenard anakhala pansi n'kutsegula buku patsamba loyamba, pomwe anayambira zaka zapitazo. Anali atamva ndi thupi lake lomwe zimene akuluakulu ananena kale, kuti mapanga awiri avumbwitsa.