Munthu Amene Anaimitsa Machira

Panali munthu wina amene ankaphunzira ubusa wa m'chipatala. Anali wochepa thupi, mawu akenso ochepa, oti akalankhula umachita kutchera khutu. Ankaphunzira kwa abusa Nkhwazi, bambo oti akangotsokomola pakhomo la wodi, ngakhale odwala ankayesa kudzuka.

Munthuyu ankakhala ndi mantha tsiku lililonse. Anamupatsa miyezi itatu, ndipo ikatha a Nkhwazi ankayenera kunena ngati ntchitoyo ikumuyenera kapena abwerere kwawo. Ndiye anaganiza zobwereka ulemu. Anagula jekete yakuda ya mapewa otambalala. Anapeza Baibulo lolemera ngati njerwa. M'mawa ankabisala kuseri kwa katchalitchi ka pachipatalapo n'kumayeserera kulankhula mwa besi mpaka kukhosi kuwawa. Koma akalowa m'wodi, odwala ankamulonjera bwinobwino kenako n'kufunsa kuti, "Nanga abusa enieni abwera nthawi yanji?" Funso limeneli linkamuwawa kwambiri, moti nthawi zina ankalambalala wodi yonse kuti asalimve.

Sabata yomaliza, a Nkhwazi atapita kumsonkhano, namwino anamuitana chakumasana. M'wodi ya abambo munali mutamwalira munthu wochokera kutali. Mkazi wake anali yekha, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe.

Pachipatala chimenecho panali mwambo. Munthu akamwalira, amayi odikirira odwala ankaperekeza thupi ndi nyimbo mpaka ku nyumba ya chisoni, ngakhale womwalirayo asakumudziwa. Koma nthawi imeneyo onse anali kukhitchini kwawo kukaphikira odwala awo. Onyamula machira awiri anali atafika kale, ali ndi changu, chifukwa bedi linkafunika. Mkazi wa womwalirayo anali atakhala pansi atagwira mwendo wa machira.

"Sapita okha ngati katundu," ankangobwereza choncho. "Amuna anga sapita okha."

Wophunzira uja anatsegula Baibulo lake, koma zilembo sizinkaoneka. Besi ija inathawa. Ankangoganiza kuti a Nkhwazi akanakhalapo akanadziwa chochita, ndiponso kuti mawa adzamva kuti iye anangoima kukamwa yasa. Onyamula machira anayamba kumasula zala za mayiyo.

Pamenepo anaika Baibulo pabedi, n'kukaima kutsogolo kwa machira.

"Tadikirani kaye," anatero, ndi timawu take tomwe tija.

"Tili ndi ntchito ife, achimwene," mmodzi anayankha.

"Ndamva. Koma tadikirani."

Sanasunthe. Anthu aja anayang'anizana, n'kusiya machirawo. Iye anakhala pansi pasimenti ndi jekete yake yatsopanoyo, pafupi ndi mayiyo.

"Mayi, bambowa dzina lawo ndani?"

"A Lifeyo."

"A Lifeyo sapita okha. Tiyeni tiwaperekeze."

Anadzuka onse awiri n'kutsatira machira. Pakhonde iye anayambitsa nyimbo ya maliro. Kunena zoona, sinali nyimbo yoti n'kuinyadira. Mawu ankaduka pakati, mpweya n'kumuthera. Koma utsi wa kukhitchini sunali patali. Mayi wina anamva, anaphula mphika wake n'kubwera akumanga chitenje. Wina anatsatira, winanso. Pofika ku nyumba ya chisoni, mawu a woyambitsa uja sankamvekanso, atamizidwa ndi amayi oposa makumi awiri.

Chitseko chitatsekedwa, iye anati abwerere kukatenga Baibulo lake lija. Mayiyo anamugwira mkono wa jekete.

"Abusa," anatero, "musandisiye kaye."

Munthuyo anacheuka, kuyesa a Nkhwazi abwera. Kumbuyo kwake kunalibe aliyense.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, ndikudziwa kuti enanu mumagona ndi nkhawa yoti anthu sakuonani ngati abusa. Majekete gulani ndithu, sindikuletsani. Koma tsiku lidzafika loti wolira adzakhala yekha, aliyense ali ndi changu, wamkulu wanu palibe. Tsiku limenelo musadikire kuti mantha athe, chifukwa satha. Kaimeni patsogolo pa machira ndi mawu omwe muli nawowo. Dzina la ubusa mudzalimva kuchokera kwa amene simunamusiye yekha.